Kuyeza chitsime chisanaphwe

M'midzi yozungulira Embangweni, kummwera kwa boma la Mzimba, muli zitsime zokhala ndi mawu pakamwa pake. Mmisiri amawakanda pa simenti ikadali yaiwisi, ndiye ikauma mawuwo sachokanso. Mayi akafika m'bandakucha, n'kutula ndowa ndi nkhata yake, n'kuyamba kupopa, maso ake amagwera pa mawu atatu a Chitumbuka: Uchindami kwa Chiuta, kutanthauza kuti ulemerero upite kwa Mulungu. Pambali pake pamakhala tsiku limene chitsimecho chinamalizidwa, ndiponso kuya kwake.

Wodziwa miyambi akaona nambala ya kuya ija amayamba waima kaye, pakuti akuluakulu anati chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Ndi mwambi wowawa, ndipo umanena zoona. Munthu amatunga lero, mawa atunganso, osafunsa kumene madziwo akuchokera, mpaka tsiku limene ndowa ibwera ndi matope okhaokha. Ubwino wa mayi umakambidwa pa maliro ake, mwini wake atagona chete osamva. Mphunzitsi amene anthu ankamudutsa osamupatsa moni amasanduka wabwino atasamutsidwa. Koma zitsime za ku Embangweni zakana kudikira tsiku limenelo. Kuya kwake kwalembedwa madzi akadalimo, ndipo dzina la Wopatsa lili pomwepo, poonekera aliyense wodzatunga.

Ntchito ya zitsimezi inayamba mu 1990, pamene bungwe la Marion Medical Mission la ku Illinois, ku America, linagwirana manja ndi mishoni ya Embangweni, ya Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP. Anthu a m'mudzi amakumba okha dzenje, amaumba njerwa n'kuziotcha, amatuta mchenga ndi miyala. Bungwe limabweretsa simenti, mapaipi ndi pampu, ndipo omanga ndi okonza ndi amisiri a m'dera lomwelo. Zitsime zimamalizidwa m'chilimwe, cha mu Seputembala mpaka Novembala, madzi a pansi atatsikiratu, kuti chimene chapeza madzi nthawi imeneyo chisadzaphwe wamba. Tsiku loika pampu pamakhala pemphero ndi nthungululu, ndipo kawirikawiri alendo sachoka chimanjamanja. Gogo wina amatulukira kuseri kwa nyumba atagwira nkhuku m'mapiko, n'kugwada.

Nkhuku imeneyo singagule simenti ndi pampu, ndipo gogoyo akudziwa. Chimene akukana ndi kulandira ngati ng'ombe yomwa pa dziwe, imene imakhuta n'kutembenuka osayang'ana m'mbuyo.

Khalidweli silinabwere ndi simenti. Limamveka m'kamwa mwa anthu a ku Mzimba tsiku ndi tsiku. Mlendo akadya nsima n'kusamba m'manja, sanena "yewo" yekhayekha ngati woponya mwala m'madzi. Amatchula chiwongo cha mwini nyumba ndi cha mayi wophika: "Yewo, a Tembo. Yewo, NyaJere." Pa Chitumbuka kuthokoza ndi kuwonga, ndipo dzina la mtundu wa munthu ndi chiwongo. Mawu awiriwa ndi a muzu umodzi, monganso alili ukubonga ndi isibongo m'Chizulu, chinenero chachibale ndi chimene Angoni anabwera nacho. Chiwongo, tsono, ndi dzina lomuthokozera munthu. N'chifukwa chake mlendo akakhala pansi amafunsidwa chiwongo msanga, pakuti amene chiwongo chake sichikudziwika sangathokozedwe mokwanira. Ndipo potchula chiwongo, wothokoza amadutsa dzanja limene lamupatsa n'kukafika kwa makolo amene analera dzanjalo. Mbale imodzi ya nsima imayamikitsa banja lonse, amoyo ndi akufa omwe.

Kwa mafumu n'chimodzimodzi, kungoti mawu amakwera. Ku Edingeni, kwa Inkosi ya Makosi M'mbelwa, kapena m'tsinde mwa phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho mwezi wa Ogasiti, wotamanda mfumu amaimirira n'kuyamba kutchula maina ndi zimene eni mainawo anachita, kuyambira Zwangendaba amene anawolotsa anthu mtsinje wa Zambezi mu 1835. Khamu limayankha ndi "Bayethe" mmodzi wogwedeza nthaka. Wotamanda sapeka. Ntchito yake ndi kukumbutsa mokweza mawu, kuti wina asadzanene kuti ufumuwu unangomera ngati bowa. Munthu wokulira m'mwambo wotere akatsegula Masalimo n'kupeza mlembi akuwerengera moyo wake zabwino zimene Mulungu wauchitira, chimodzichimodzi, saona chachilendo. Amaona mnzake wa ntchito.

Mbiri ya Chikhristu m'dziko la M'mbelwa inayambanso ndi madzi. Kumayambiriro kwa 1886 mvula inakana. Pa Njuyu, kufupi ndi Hora, panali William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa, ndi Dr Walter Elmslie wa ku Scotland. Anali atakhala nthawi ndithu osaloledwa kutsegula sukulu, chifukwa nduna zinkaopa kuti ana akaphunzira za buku adzataya mtima wa nkhondo. Nsembe za kwa mizimu zitalephera, ndunazo zinapita ku Njuyu kukapempha kuti alendowo apemphere kwa Mulungu wawo. Elmslie sanafune kuoneka ngati wolodza mvula, ndiye anangowaitanira ku mapemphero a Lamulungu. Anthu anabwera, anapemphera, ndipo mawa lake mvula inagwa. Patapita miyezi yochepa chilolezo cha sukulu chinaperekedwa. Koyi anaumva uthengawo ali chigonere, ndipo anamwalira mu Juni chaka chomwecho osaona zipatso zake. Mu 1890 anyamata awiri a pachibale, Mawelera ndi Makara Tembo, ana a sing'anga, anakhala oyamba kubatizidwa m'dziko limeneli.

Wina atha kutsutsa kuti mvula ija ikanagwabe, ndipo palibe angamuletse kuganiza choncho. Koma Angoni a nthawi ija anachita chimene mwambo wawo unkafuna: atalandira, anafunsa chiwongo cha wopatsa.

Mmishoni Donald Fraser anafika pakati pawo cha mu 1897, ali mnyamata wa zaka 27. Kwawo kumapiri a Scotland anthu ankasonkhana masiku angapo pa nyengo ya Mgonero wa Ambuye, ndipo iye anayesa zomwezo ku Ekwendeni mu 1898. Kunafika anthu pafupifupi 4,000, ena atayenda masiku ndi ufa wawo pamutu, n'kugona m'misasa. Akuluakulu 195 anabatizidwa. Wolemba mbiri Jack Thompson anaona kuti misonkhanoyi inkagwira mtima chifukwa inkafanana ndi Incwala, mwambo wothokozera zipatso zoyamba, umene Angoni a Mpezeni amachitabe ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata, mwezi wa Febuluwale. Chopereka cha pa msonkhano uja chinalembedwa, ndipo ndalama zinali zochepa kwambiri. Munali nkhuku, mbuzi, nkhosa, chimanga, maungu, miphika, madengu, mikanda, mipeni, makasu, ndi mkondo umodzi. Mkondowo ndiwo wosaiwalika. Panali mwamuna wina pagulupo amene anayang'ana zonse anali nazo, n'kupeza kuti chamtengo wapatali ndi chida chimene chinkamupatsa dzina pakati pa anzake, ndipo anakachiika pamodzi ndi maungu.

Mu 1902 Fraser ndi mkazi wake Agnes, amene anali dokotala, anasamuka ku Hora kutsata anthu amene ankalowera kummwera kufuna nthaka yatsopano, n'kukamanga m'dera la Inkosi Mzukuzuku. Malowo anatchedwa Loudon, dzina la dokotala wina wa ku Hamilton amene anali bwenzi la David Livingstone, koma eni dziko amati Embangweni. Angoni anamupatsa Fraser dzina lakuti Chisekeseke chifukwa cha nkhope yake yosachedwa kumwetulira. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumo ka munthu uyu kanali khutu. Anamva kuti nyimbo za ku Scotland, zoikidwa mawu a kuno, zinkatuluka m'kamwa mwa anthu ngati ng'ombe yokokedwa ndi chingwe, pamene anthu omwewo madzulo akaimba za ingoma kapena za ukwati, mudzi wonse unkanjenjemera. Amishoni ena ankaona magule onse ngati chikunja. Iye anayambitsa mpikisano wopeka nyimbo chaka ndi chaka, aphunzitsi a m'midzi akasonkhana pa mishoni. Aliyense ankabwera ndi yake, n'kuiphunzitsa anzake, ndipo zopambana zinkabwerera nawo m'masukulu onse.

Umo ndi mmene munatulukira maina a Peter Thole, Mawelera Tembo, Jonathan Chirwa ndi Charles Chinula. Anatenga maimbidwe a makolo, aja mmodzi amatsogolera ena n'kuvomera, mawu a amuna akugunda pansi ngati mapazi a ingoma, n'kuwaveka uthenga wa Khristu. Maimbidwe otamandira mfumu ya padziko anaperekedwa kwa Mfumu ya kumwamba. M'buku la Sumu za Ukristu, limene mipingo ya Livingstonia imaimbamo, nyimbo zoposa 100 ndi zopekedwa ndi anthu a kuno, ndipo zina zinamasuliridwa m'Chingelezi n'kukaimbidwa kwawo kwa amishoni.

Ili ndi phata la nkhani yonse. Kupempha munthu atha kupempha m'chinenero chilichonse, ngakhale ndi manja, chifukwa njala imadziphunzitsa yokha kulankhula. Kuthokoza kumafuna mawu a kwanu. Wothokoza ndi mawu obwereka amakhala ngati mwana wouzidwa kuti "nena zikomo": pakamwa pamatsegulidwa, mtima uli kwina. Chikhristu cha kummwera kwa Mzimba chinazika mizu tsiku limene wankhondo wakale anapeza kuti atha kutamanda Mulungu ndi chifuwa chonse, m'maimbidwe amene agogo ake ankaimba, popanda kusanduka Mzungu kaye. Mpingo umene ukuimba motere suchita kukokedwa kuti ukule. Aphunzitsi omwe aja ankapeka nyimbo ndi amene ankatsegula masukulu m'midzi yakutali, mpaka kutsikira kuchigwa cha Luangwa.

Ndipo asaganize wina kuti nyimbozi zinabadwa pa nthawi ya mwanaalirenji. M'zaka za m'ma 1890 mliri unapululutsa ng'ombe, chuma chenicheni cha Mngoni. Mu 1904 dzikolo linalowa pansi pa boma la Angerezi, msonkho unatsatira, ndipo amuna anayamba ulendo wa ku migodi ya ku Harare ndi ku Joni. Nkhondo ya 1914 inatenga ena kukakhala atengatenga, ndipo itangotha chimfine choopsa chinalowa m'midzi. Anthu ankaimba nkhokwe zili pululu ndi makola ali mbee. Buku la Machitidwe limasimba za Paulo ndi Sila akuimba pakati pa usiku m'ndende ya ku Filipi, misana ili ndi mabala, zitseko zisanatseguke. Dongosolo lake ndi lomwelo: nyimbo inayamba, chivomezi chinabwera pambuyo.

Miyoyo ya opeka nyimbo awiri ikuonetsa mbali ina imene alaliki sakonda kuikamba. Jonathan Chirwa anali mmodzi wa anthu a kuno atatu oyamba kukhala abusa a Livingstonia, odzozedwa mu 1914 pamodzi ndi Yesaya Zerenji Mwasi ndi Hezekiah Tweya. Patapita zaka zochepa anavomereza yekha kulakwa kwake, ndipo anatsitsidwa pa ubusa. Anakhala pansi zaka zingapo, pa benchi ya anthu wamba, m'dera limene aliyense ankamudziwa. Mu 1924 anabwezeretsedwa, n'kutumikira pa Loudon mpaka imfa yake, anthu akumukonda kuposa kale. Charles Chinula, amene anali mphunzitsi wamkulu pa Loudon asanadzozedwe mu 1925, naye anaimitsidwa mu 1930. Iye njira yake inali ina. Anakangana ndi kaweruzidwe ka mpingo, anayambitsa mpingo wake ndi sukulu yake ku Sazu, ndipo anadzabwerera ku CCAP mu 1967, zaka zitatu asanamwalire. Koma nyimbo zake sizinachoke m'buku. Mwini wake ali kunja, mawu ake ankakwezabe mitima ya anthu m'kati.

Palibe chochititsa manyazi pamenepa. Kutamanda kozama sikuchokera kwa anthu amene sanapunthwepo. Amene anagwerapo m'chitsime n'kutulutsidwa ndiye amadziwa kuya kwake popanda chingwe, ndipo akamaimba za chikhululukiro sakamba za m'maluwa.

Luka amasimba za akhate khumi amene Yesu anawachiritsa ali pa ulendo wa ku Yerusalemu. Onse anayera khungu, koma mmodzi yekha, Msamariya, anabwerera akufuula matamando n'kudzigwetsa pa mapazi ake. Asanu ndi anayi aja sanabe kanthu, ndipo machiritso awo sanalandidwe. Anangopita ndi mphatso osadziwana ndi mwini mphatso. Wa ku Mzimba atha kunena kuti anadya nsima n'kunyamuka osafunsa chiwongo. Wobwerera uja anapeza chinthu chachiwiri, chimene anzakewo sanadziwe n'komwe kuti chilipo: anayang'anana maso ndi maso ndi womuchiritsa. Moyo wauzimu umakhala pamenepo, pa kudziwana. Akale a mpingo anazindikira zimenezi. Katekisma wa ku Heidelberg wa 1563 anagawidwa patatu, tsoka la munthu, chipulumutso ndi kuthokoza, ndipo Malamulo Khumi pamodzi ndi pemphero anaikidwa m'gawo lachitatulo, kusonyeza kuti kumvera konse ndi "zikomo" wochita ndi manja. Akatolika a ku Katete, kumene mishoni inayamba mu 1938, ndi a parishi ya St Paul's pa Mzimba, akamati Ukaristia akutchula liwu la Chigiriki lotanthauza kuthokoza.

"Zikomo" wa manja ameneyu amaoneka bwino pa nyengo ya vuna, imene a Chichewa amati masika. Kukolola kukatha, njira zopita ku tchalitchi zimadzaza. Mnyamata akukankha njinga yomangidwa thumba la chimanga, mayi wasenza lichero la mtedza, mwana wakumbatira dzungu lomulemera, kwinaku nkhuku yomangidwa miyendo ikulira pansi pa mtengo. Kutsogolo kwa guwa kumasanduka ngati nkhokwe. Wokolola matumba 50 ndi wokolola atatu amalowera khomo limodzi, ndipo nyimbo ikayamba palibe amafunsa kuti mbale ya nyemba ija yabwera ndi yani. Amene analimapo amadziwa chifukwa chake mlimi savuta kuphunzitsa kuthokoza. Anagula feteleza, anapalira, anabandira, koma mtambo sanaupange. Ngakhale wa tomato ndi anyezi wa pa Jenda, amene amathirira dimba lake ndi chitini, amadziwa kuti madzi a m'dambomo sanawaikemo ndi iye.

Koma pali chinthu chimene chikudya mwambowu ngati anankafumbwe, ndipo chiyenera kunenedwa. M'mipingo yambiri, ya maina osiyanasiyana, chopereka chothokozera chasanduka mpikisano. Pa pepa sande maina amaitanidwa pa chimkuzamawu pamodzi ndi ndalama zake, mlendo wolemekezeka amaomberedwa m'manja, ndipo mayi wamasiye wa K200 amaifumbata m'manja mpaka itanyowa thukuta, akuchita manyazi kuimirira. Kwina alaliki amaphunzitsa kuti ubzale mbewu ya ndalama lero kuti Mulungu akubwezere kakhumi mawa, ndipo ena amakokeranso pamenepo mwambi wakuti kupatsa n'kuika. Mwambiwo umanena za anansi othandizana pa mavuto, sunena za kumukongoza Mulungu. Chopereka choyembekezera phindu ndi katapila, ngakhale chitakulungidwa mu envelopu yoyera. Denga la tchalitchi lifunika malata, zoonadi, ndipo abusa afunika kudya. Koma ndalama zikasonkhedwa m'njira yoti wosauka atuluke ataweramitsa mutu, mpingo wapeza malata n'kutaya chimene mwini mkondo uja anabweretsa mu 1898.

Palinso nkhani ya ku Joni, imene palibe angalembe za Mzimba osaikhudza. Ulendo umene unayamba ndi msonkho sunathe. M'midzi yambiri anyamata akangokula maso amakhala kummwera, ndipo nyumba za njerwa zootcha ndi malata owala zimene zili m'mbali mwa msewu zimanena zokha kumene ndalama zinachokera. Ambiri akabwera pa Disembala amaimirira m'tchalitchi kuthokoza Mulungu amene anawasunga pa malire, pa ntchito ndi pa nthawi ya zipolowe zothamangitsa alendo. Ena amagulira mpingo simenti kapena zoimbira. N'zabwino ndithu, madzi saiwala khwawa. Koma ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Amene anayenda m'mamewo zaka zonsezi ndi mkazi amene analima munda yekha, kudwazika apongozi ake ndi kulera ana odziwa bambo wawo pa foni, ndiponso gogo amene anatsala ndi zidzukulu. Kawirikawiri maina awo samveka mu umboni uja. Kuthokoza kumene kumalumpha munthu wapafupi n'kuthamangira kumwamba ndi kopunduka, ndipo mwambo wa chiwongo womwe umakutsutsa. Mwamuna wotha kunena "tawonga, Chiuta" pamaso pa mpingo ayenera kuthanso kunena "yewo, NyaMoyo" pakhomo pake, ana akumva.

Ena sabwera pa Disembala. Amabwera m'bokosi, pa galimoto yodutsa Zimbabwe ndi Tete masiku angapo, ndipo ena sabwera n'komwe. Pa siwa yotere, amayi a Umanyano, gulu la amayi a mpingo, ovala zoyera ndi zakuda, amakhala m'nyumba ndi mayi wofedwa usiku wonse. Saimba za chisoni zokhazokha. Pakati pa usiku, misozi itatopa, wina amayambitsa ya matamando, ndipo enawo amavomera. Wofedwayo mwina saimba, milomo yokha imagwedera. Anzake akumuimbira mawu amene iye mwini anawasunga pa masiku abwino, kuti pa tsiku louma akhale ndi potunga. Apa mwambi uja umatembenuka. Chitsime chaphwadi, koma amene anachiyeza kale amadziwa kuti madzi ali pansi pomwepo, ndipo sathawa kukakumba kwina.

Ngakhale kaundula wa sukulu amachitira umboni. Pakati pa a Suzgo ndi a Masozi, maina osunga zowawa zimene banja linadutsamo, pali a Tawonga, a Wongani, a Tiwonge, a Lumbani, a Thokozani ndi a Yamikani. Mayi amene anachezera usiku m'chipatala cha Embangweni kapena cha pa boma, n'kutuluka ndi mwana wamoyo, amalemba chiyamiko chake pa munthu, kuti aliyense woitana mwanayo kukadya azibwereza pempherolo osadziwa. Akatswiri a za maganizo anafika mochedwa pa mfundo yomweyi. Mu 2003 Robert Emmons ndi Michael McCullough a ku America anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti anthu amene ankalemba zinthu zoyamikira sabata ndi sabata ankakhutira ndi moyo wawo, ndiponso ankadandaula pang'ono za m'thupi, kusiyana ndi amene ankalemba zowakwiyitsa. Ndi nkhani yabwino, ndipo wodwala nkhawa aiyese. Chosowa pa mndandanda wotere ndi chimodzi: uli ndi mphatso, ulibe chiwongo.

Fraser anachoka ku Embangweni mu 1925, n'kumwalira ku Scotland mu 1933. Patapita zaka ziwiri mkazi wake anabweretsa phulusa lake kudzaliika m'nthaka ya ku Loudon, pakati pa anthu amene anamuphunzitsa kumva. Jonathan Chirwa atamwalira anaikidwa pambali pake. Mzungu wosekaseka ndi m'busa amene anagwa n'kudzuka agona moyandikana, pafupi ndi tchalitchi, chipatala, sukulu ya sekondale ya Robert Laws ndi sukulu ya ana osamva, kumene matamando amanenedwa ndi zala.

Makwaya kummwera kwa Mzimba alipo ambiri, ndipo achinyamata akuimba ndi mphamvu, ena ndi makiyibodi ndi zokuzira mawu. Chimene chikuphwa ndi chitsime china. Chingoni chatsala m'nyimbo, m'mayina a midzi ndi m'matamando a mafumu, ndipo okalamba amene amadziwa kutsogolera nyimbo za Thole ndi Tembo monga zinkaimbidwira, ndi kupuma kwake ndi kugunda kwake, akutha mmodzimmodzi. Buku limasunga mawu, silisunga mpweya. Sinodi ya Livingstonia, a Mzimba Heritage Association ndi aphunzitsi a ku koleji ya Loudon ali nazo zonse zofunika, pakuti foni iliyonse ya m'thumba imajambula mawu. Atume achinyamata a kwaya kwa agogo awo chilimwe chino, akakhale nawo pakhonde, ajambule, aphunzire, ndipo pochoka awathokoze ndi chiwongo chawo eni ake akadali ndi makutu omvera.